Kachilombo ka Amalume Barnaba

Chiliza cha amalume tamanga sabata yathayi, mvula isanagwe, monga iwo akanafunira. Ankadana ndi ntchito ya simenti m'dzinja. Chifukwa chake sichinali choti simenti siuma bwino ayi, koma choti omanga amatunga madzi m'zithaphwi n'kuphera limodzi ziweto za amalumewo. Pamwala talembapo dzina lawo, Barnaba Phiri, ndi mawu amodzi oti mphunzitsi. Ine ndinati tiwonjezerepo kuti woweta zikumbu, koma akazi awo aNabanda anandiponyera diso limodzi ndipo nkhaniyo inafera pomwepo.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Mayi athu atatisiya, amalume ndi amene anatsala mwini mbumba, kutiyang'anira ine ndi mng'ono wanga Esinati. Ndiye ndikamawaseka pano musandione ngati wopanda mwambo. Ndinawakonda munthu ameneyu, ndipo anandipsetsanso mtima kuposa wina aliyense pamudzi pathu.

Anthu ena akapuma pantchito yauphunzitsi amaweta nkhunda, ena amatsegula kagolosale, ena amangokhala pansi pa mtengo kuwerenga anthu odutsa pamsewu wopita ku Dwangwa. Amalume ankaweta zikumbu za m'madzi. Khonde lawo lonse linali mabeseni, mapoto obooka omata ndi phula, zigubu zodula pakati, chilichonse chili ndi madzi ake ndi kamulu ka matope mbali imodzi ngati gombe. Mlendo akafika ankasowa poponda. M'mawa uliwonse wa dzinja ankavala malaya oyera osita bwino, kupinda thalauzi mpaka m'mawondo, kutenga sefa ya ufa ya aNabanda n'kutsikira kudambo kumene anthu akuwokera mpunga. Alimi ankawafuulira ali chiweramire kuti, "Aphunzitsi, ndiwo zapezeka lero?" Iwo ankayankha kuti zapezeka koma sizinakule, ndipo ankapitiriza kusefa madzi a eni ake.

Kwa amene simunachionepo, chikumbu chimenechi ndi chakuda mobiriwira, chosalala ngati njere ya bwemba koma chachikulupo. Miyendo yake yakumbuyo ndi yophwatalala ndipo imapalasa nthawi imodzi ngati nkhafi. Chikafuna mpweya chimakwera pamwamba chafutambuyo, n'kutulutsa kumatako kokha, kenako n'kumiranso ndi kathovu kake. Amalume ankafotokoza zimenezi mosasankha malo. Tsiku lina anawauza amayi a kutchalitchi, atavala yunifomu yawo, kuti pali cholengedwa cha Mulungu chopumira kumatako, ndipo amayiwo anathawa atagwira pakamwa.

Koma mtima wawo sunali pa chikumbu chachikulucho. Unali pa mwana wake. Mwanayo safanana ndi make ngakhale pang'ono: ndi wamtali, woonda, wotuwa, mutu wophwatalala, kukamwa kuli mano awiri okhota ngati zikwakwa zodulira mpunga. Amalendewera m'madzi mutu pansi, mchira pamwamba, phee. Mbululu, ana a achule aja, ikangodutsa, amaigwira ngakhale ikhale yomuposa msinkhu, n'kuiyamwa mpaka kutsala khungu lokha. Amalume anamutcha kang'ona. Kakakhuta kamafundula ngati njoka n'kukula, kenako kufundulanso, ndipo tsiku lina kamatuluka m'madzi, kukwera matope, kudzikwirira. Chimene chimadzatuluka m'menemo ndi chikumbu chija. Ine ndinakana kukhulupirira mpaka ndili mayi wa ana, ndipo asodzi ambiri pagombe pathu amakanabe mpaka lero.

Anali ndi chiphunzitso chawo chimene tinachimva mpaka kutopa nacho. Ankati ukafuna kudziwa chibale cha zikumbu usayang'ane akuluakulu, chifukwa onse amavala jekete lofanana ndipo madzi anawasema mofanana. Uyang'ane ana: mano awo, michira yawo, tiubweya ta m'miyendo. Pamenepo ndiye pamaoneka kuti uyu ndi wa banja liti. Tija timazungulirazungulira pamwamba pa madzi ngati taledzera ankati ndi asuweni chabe. Tina takuda tothamanga pansi pa miyala kumtunda ankati ndi abale akale amene anatsala kumapiri pamene anzawo anatsikira kumadzi, monga momwe ena a ife tinatsikira kunyanja n'kuphunzira kupalasa bwato pomwe abale athu akadali kulima fodya ku Ntchisi.

Mawu amenewa ndi amene anawayambanitsa ndi akatekisiti athu, munthu wamfupi wa mawu aakulu. Akatekisiti ankati Mulungu analenga chilichonse monga mwa mtundu wake, za usuweni wa tizilombo ndi maphunziro owononga ana. Amalume ankawauza kuti akaime pamsika wa paboma tsiku limodzi, aone Achewa, Atonga, Ayao ndi ena oyera ngati Aluya, kenako abwere adzanene ngati Mulungu anaumba Adamu mmodzi kapena khumi. Anakangana zaka ndi zaka pakhonde lomwelo, akumwa tiyi wa aNabanda, ndipo palibe anagonja. Akatekisiti atamwalira amalume anakhala masiku osatsikira kudambo. Ankati alibenso womuuza.

Nkhondo yeniyeni inali ya m'nyumba. ANabanda anagula sefa zosawerengeka, ndipo iliyonse inkathera m'matope. Ankati mabeseniwo akuweta udzudzu. Amalume ankati ang'ona awo ndi amene akudya ana a udzudzuwo, ndipo pakanapanda iwo mudzi wonse ukanagona kuchipatala. Tsiku lina aNabanda anapisa dzanja m'beseni lawo lochapira osadziwa kuti lalandidwa, kang'ona n'kuwaluma chala. Amalume anathamanga, inde, koma anayamba aona kaye ngati kang'onako sikanathyoke dzino. Zimenezo aNabanda sanaziiwale, ndipo anazinenanso pamaliro, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Atafolera nyumba ndi malata atsopano kunabuka zina. Zikumbuzi zimauluka pofuna madzi ena, ndipo zikaona malata akunyezimira zimayesa dziwe n'kudzigwetsa, kho, kho, padenga. Amalume ankazitcha alendo osokera. Munthu wa imvi mutu wonse ankakwera makwerero kukazitola zisanapse ndi dzuwa, aNabanda ali pansi kugwira makwererowo uku akuwalalatira kuti anzawo akulirira malata, iwo akulirira zikumbu. Mpaka anafunsa ngati pali penti yochotsa kunyezimira, ndipo tinachita kuwaletsa tonse.

Zonsezi n'zoseketsa, koma chimene ndafuna kusimba ndi cha Esinati, chifukwa popanda icho amalume akanangokhala nkhalamba yosewera ndi matope.

Esinati anakwatiwa ndi a Lameki, msodzi wa mudzi woyandikana nafe, munthu wakuda bii, wosalankhulalankhula, wodziwa nyanja. Amalume ndi amene anali nkhoswe ya Esinati. Mwana woyamba atabadwa, wamkazi, tinamutcha Tiyamike. Anabadwa woyera, ndipo tonse tinati ndi mmene amabadwira makanda, ada yekha. Koma miyezi inapita, mwana anayamba kukhala pansi, khungu lili mbee, tsitsi lofewa. Amake a Lameki anayamba kulankhulira m'mbali kuti kwawo kulibe mtundu wotere. Kenako kunatuluka dzina la wamalonda wina wa paboma amene ankagula nsomba zouma kwa Esinati. Linali bodza, ndipo ine ndikanalumbira pa Baibulo, koma bodza likafika pagombe limayenda msanga kuposa mwera. A Lameki anatenga maukonde awo n'kubwerera kwa amawo, n'kutumiza mawu kuti mwanayo si wawo ndipo banja lithe. Esinati anaonda ngati bango. Amalume anamutenga ndi mwana yemwe kuti azikhala kwa iwo mpaka ankhoswe akumane.

Muyenera kudziwa nthawi yake. Zinali zaka zija pamene matenda aja anatikutira, sabata siinkatha osamva belu la maliro, ndipo ife tomwe tinali titaika kale abale. Mankhwala anali asanafike kumidzi. Mawu oti kachilombo, amene kale ankangotanthauza kanthu kalikonse kokwawa kapena kouluka, anali atasanduka mawu onong'ona. Munthu akati uje ali ndi kachilombo, onse ankadziwa kuti akunena chiyani, ndipo palibe ankaganiza za nyerere.

Tsiku la mlandu tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa amalume. Mbali ina kunali a Lameki, amawo, ndi nkhoswe yawo a Jailosi, mkulu waulemu wake. Mbali yathu kunali Esinati ndi mwana pamiyendo, aNabanda ndi ine. A Jailosi anayala nkhani yonse mwaulemu. Amake a Lameki anaonjezera okha kuti mbewu ya mpunga sibala mapira. Ine ndinali nditakonzeka kale kuwayankha zoti sakanaiwala, koma amalume anakweza dzanja n'kuimirira.

"Ndamva," anatero. "Koma ndisanayankhe, ndikufuna nonse mudziwe chinthu chimodzi. M'nyumba muno muli kachilombo. Ndakhala nako nthawi ndithu, ndipo sindikufunanso kubisa. Akamwini ayenera kudziwa lero."

Amake a Lameki anakoka mkeka wawo kubwerera m'mbuyo. A Jailosi anavula chipewa n'kunena motsitsa kuti, "Pepani aphunzitsi, ife sitimadziwa." Mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa anafulumiza mapazi kulowera kumjigo. A Lameki anadzuka, nkhope ili thukuta lokhalokha, n'kuyang'ana Esinati, kenako n'kuyang'ana pamiyendo pake.

"Nanga mwanayu?" anafunsa. "Mwanayu ali bwanji?"

"Mwana ali bwino, akamwini. Khalani pansi," anatero amalume. Analowa pakhonde n'kubwera atanyamula beseni la buluu, pang'onopang'ono kuti madzi asatayike, n'kuliika pakati pa bwalo. M'katimo munali kang'ona kamodzi kakulendewera.

Abale, sindinaonepo anthu akupuma chonchija. A Jailosi anaseka mpaka kutsokomola. Amake a Lameki anafuna kukwiya koma analephera. Ngati amalume anachita dala kapena sanaganize n'komwe za tanthauzo linalo, sindinadziwe mpaka lero. Ndikawafunsa ankangoti iwo analankhula Chichewa cholondola. Amene analipira ndi aNabanda. Nkhani inali itafika kale kumjigo, ndipo chaka chonse amayi kutchalitchi ankawagwira dzanja nthawi yaitali n'kuwauza kuti alimbe mtima, akuoneka kuti atsikako thupi.

Anthu atakhazikika, amalume anatulutsa m'botolo chikumbu chachikulu n'kuchionetsa a Lameki. Anawafunsa, monga munthu wodziwa za m'madzi, ngati ziwirizi zili pachibale.

"Ayi," anatero a Lameki. "Ichi ndi chikumbu. Ako ndi kanyongolotsi koluma. Ndakhala ndikuziona kuyambira ndili mwana."

"Ine ndikuti uyu ndi make, uyu ndi mwana."

"Sizingatheke, aphunzitsi."

"Ndiye tichite chonchi. Beseni ili likhale pakhonde panga. Kakapanda kusanduka chikumbu, ine nkhoswe ndidzavomera ndi pakamwa panga kuti banja lithe. Kakasanduka, tidzakhalenso pansi pano. Koma kuti musadzati ndasinthanitsa, muzibwera nokha kudzakaona, ndipo muzikadyetsa ndinu."

A Jailosi anati mlandu suola, palibe choipa kudikira. A Lameki anavomera, ndikuganiza chifukwa anali otsimikiza kuti apambana.

Anthu atabalalika ndinawalowera amalume. Ndinawauza zambiri zimene mwana sayenera kuuza malume ake: kuti aika banja la mng'ono wanga pa kanyongolotsi, kuti kakafa kapena kakadyedwa ndi nkhuku Esinati atsala pamtetete ndi mwana wopanda bambo, kuti masewera awo a matope tinawapirira koma apa afika pa moyo wa anthu. Anandimvetsera akutsuka sefa. Nditatha mpweya anangondifunsa ngati ndinamva funso loyamba la a Lameki. Ndinati ndinamva. Anati ndiye mlandu unathera pamenepo. Chatsala n'kumupatsa munthuyo njira yobwererera yopanda manyazi, chifukwa mwamuna amene wanena mawu pagulu sangawameze anthu akuona. Ine sindinakhutire, ndipo ndinapita kwathu osatsanzika.

A Lameki anayamba kubwera. Akachoka kunyanja m'mawa ankadzera kudambo, kutola mbululu m'kachitini, n'kudzakhala kumapeto kwa khonde atafulatira chitseko. Esinati sankatuluka. Amalume anali atalamula kuti wodyetsa akhale phee nthawi ndithu, kuti kang'ona kasachite mantha, lamulo limene ndikukhulupirira kuti analipeka tsiku lomwelo. M'mawa wina a Lameki anapeza kang'onako katakula ndi kuyera, n'kukalipa kuti asinthanitsa. Amalume anawavuulira ndi kamtengo chikopa chakale, chopanda kanthu m'kati koma chili ndi mano ndi miyendo yonse. A Lameki anachiyang'ana nthawi yaitali n'kukhala pansi.

Amene anachita chinthu chachikulu si amalume, ndipo ndinene zoona pano. Anali aNabanda, omwe aja odana ndi mabeseni. Tsiku lina anatuluka ndi Tiyamike, n'kungomuika pamiyendo ya a Lameki osapempha. "Tagwirani, ndikaphule madzi," anatero, n'kulowa kukhitchini kumene kunalibe ngakhale moto. A Lameki anauma ngati chitsa, manja ali m'mwamba. Mwana anawagwira khutu, kenako anawakodzera. ANabanda anasuzumira n'kunena kuti wawakonda ameneyo, sakodzera aliyense. Kuyambira tsiku limenelo madzi a aNabanda ankafuna kuphulidwa m'mawa uliwonse.

Kenako kang'ona kanasiya kudya, kanakwera kamulu ka matope n'kusowa. Panalibenso chodyetsa kapena choona, matope okhaokha, koma a Lameki ankabwerabe. Kwawo nako moto unali utayaka. Amawo anali atawapezera kale mkazi wina ku Nkhunga, ndipo anzawo pagombe ankawaseka kuti akulondera matope a mphunzitsi ngati mlonda wa pasitolo. A Lameki akafunsa kuti katuluka liti, amalume ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinalipo tsiku limene zinaphulika. Ndinabwera masana kudzathandiza Esinati kupuntha mpunga, amalume atapita kumsonkhano wa kutchalitchi. Ndinaona a Lameki atagwada pabeseni ndi kamtengo m'manja. Ndisanafuule anali atabaya kale matopewo n'kuwagawa pakati. M'katimo munali kachipinda kosalala, ndipo m'kachipindamo munagona kanthu koyera ngati phala, kofewa, miyendo itapindidwa pachifuwa ngati khanda. Kamtengo kanali katakaboola pamimba. Kanagwedezeka pang'ono n'kusiya.

Mwa pangano lija, kanthuko sikanasanduke chikumbu, ndipo tsopano sikakanasandukanso. Esinati anaima pakhomo ndi mwana kumsana. Amalume anatipeza chomwecho. Anaika buku lawo la mapemphero pawindo, kugwada movutikira, n'kutola kanthuko ndi tsamba. Ndinaona kuti chawawawa, koma sanakalipe.

"Mwafukula msanga, akamwini," anatero. "Onse amayamba oyera chonchi. Kakanada kokha."

A Lameki anaika kamtengo pansi, ndipo amalume anapitiriza.

"Koma mawu anga ndi amodzi. Sikanasanduke. Kauzeni a Jailosi kuti ndagonja, abwere tidzamalize."

Ndinafuna kuwalumphira pakhosi amalume, kunena zoona. Koma a Lameki anatambasula dzanja, amalume n'kuwaikira tsambalo. Analiyandikiza kumaso n'kuliyang'ana mbali iyi ndi iyo, monga amayang'anira ukonde wong'ambika.

"Miyendo yakumbuyoyi ndi nkhafi zomwe zija," anatero pomaliza, motsitsa. "Kalipo kena?"

"Dambo lauma. Mpaka mvula ya chaka chamawa."

"Ndidikira."

Anadikiradi, koma anadikirira kunyumba kwa Esinati. Maukonde anabwerera pamtanda wake sabata yomweyo. Mvula itabwera palibe anakumbutsa za beseni, ndipo ankhoswe aja sanakumanenso pa nkhaniyo mpaka a Jailosi anamwalira. Amake a Lameki anatenga zaka kuti amunyamule mdzukulu wawo, koma anamunyamula.

Musayembekezere kuti ndinene kuti Tiyamike anada. Sanade. Anakula woyera chomwecho, wosafanana ndi bambo kapena mayi, ndipo ang'ono ake onse anabadwa akuda ngati a Lameki, zomwe zinangopatsa anthu poyambira. Munthu wina atalankhula zopusa pagombe, a Lameki anamuviika m'madzi mpaka anapepesa. Amalume atamva anati sakuvomereza ndewu, koma anafunsa kawiri kuti anamuviika mpaka pati. Ndi a Lameki amene ankamuperekeza mtsikanayo kusukulu pa njinga madzi akasefukira, ndipo ndi iwo amene anamugwira dzanja kulowa naye m'tchalitchi tsiku la ukwati wake, atavala jekete lobwereka kwa amalume, lalifupi mikono.

Zaka zomaliza maso a amalume anachita ng'ala. Kudambo sakanathanso kupita, ndipo mabeseni anayamba kuchepa. Amene ankawabweretsera tizilombo m'botolo anali a Lameki, imvi zitayamba nawonso. Ankakhala awiri pakhonde, wina akuona, wina akufunsa: kafundula kodi, mano ndi aatali bwanji, kumchira kuli timphanda tingati. A Lameki akayankha, amalume ankatchula banja lake n'kuwadzudzula kuti sakuyang'anitsitsa. Ankakangana ngati mmene ankachitira ndi akatekisiti. Tiyamike atabwera kudzawauza kuti ndi woyembekezera, amalume anamusisita kumaso ndi manja onse awiri n'kunena kuti adikira aone chotuluka. Sanadikire. Anatisiya chaka chatha mpunga ukucha, mwakachetechete, atangomwa tiyi. Mwana anabadwa patapita miyezi iwiri, wamwamuna, ndipo anamutcha Barnaba.

Tsiku lomanga chiliza Tiyamike anabwera naye kuchokera kuboma pa kabaza. Ambiri tinali tisanamuone chikhalire pansi. Atamumasula kumsana, amayi onse anamuzungulira. Mwanayo ndi wakuda bii, chipumi chotakata, makutu otambalala ngati akufuna kuuluka, nsidze zokumana pakati. Wina anayamba kuseka, kenako onse. Anati uyu ndi a Lameki enieni, angotsala nkhafi m'manja. Esinati anatembenuka kuyang'ana kumunda, mapewa akugwedezeka, ndipo ine ndinalira poyera osabisa. Ndinalira chimwemwe, ndinaliranso ukali, kuti nkhalamba ija yachoka kutatsala pang'ono chonchi.

Anamupereka mwanayo kwa a Lameki n'kumawakakamiza kuti ayang'ane, aone makutuwo, avomere. A Lameki anamulandira, kumupukuta dovu ndi chala, n'kunena kuti, "Musiyeni mwana, sanafundule. Za nkhope ine ndinasiya kalekale." Anachoka pagulupo naye n'kulowera kukhonde.

Khondelo tsopano ndi lotakasuka, munthu ukhoza kuyalapo mkeka n'kugona. Mabeseni abwino anagawidwa, mapoto obooka anapita kudzala. Pasimenti patsala mizere yozungulira, yaikulu ndi yaing'ono, pamene chilichonse chinakhala zaka zonsezo, ndipo aNabanda akolopa mpaka atopa koma siikuchoka. Sefa yomaliza ili pamsomali, yothimbirira, ndipo palibe amaigwiritsa ntchito. Mpando wawo wa nsungwi uli pomwe unkakhala, moyang'ana kudambo. Kumapeto kwenikweni kwatsala beseni limodzi, la buluu lija, losweka m'mphepete. Ndinalipeza lili ndi madzi oyera ndi kamulu ka matope mbali imodzi, ndipo ndinaganiza kuti ndi ntchito ya a Lameki. Nditaligwira kuti nditaye, kuopa udzudzu, aNabanda anandiletsa ali pakhomo.

"Lisiye," anatero. "Mvula yayandikira. Alendo aja akabwera atera pati?"

A Lameki anakhala pansi pambali pa besenilo, malo awo akale, mdzukulu ali pamiyendo. Mpando wa nsungwi sanaukhudze. Anangomutembenuza mwanayo kuti ayang'ane kumpandoko, n'kumugwira chomwecho nthawi yaitali.